Momwe mungathanirane ndi dzimbiri pa foloko ya mashoko ya mountain bike

Mvula ikamatha mu Epulo, njinga zambiri za mountain bike zimakhala zitayamba timadontho tofiirira pa mapaipi awiri onyezimira a kutsogolo, aja amalowa ndi kutuluka mukagunda bampu. Ena amangopukuta ndi dzanja n'kupitiriza ulendo. Ena amathamangira sitiliwulu wotsukira mapoto, n'kuwononga foloko yomwe ikanachira bwinobwino. Dzimbiri la pa foloko silofanana lonse. Lina ndi la pamwamba chabe, lochoka m'mphindi zochepa. Lina limang'amba malabala otchinga fumbi pamene mapaipiwo amalowera, mpaka oyilo kuyamba kuchucha. Ndiye pali lina loti mukaliona, njingayo musatsike nayonso msewu wa ku phiri la Zomba. Musanagwire chida chilichonse, dziwani kaye kuti lanulo ndi liti, komanso lagwira chitsulo chamtundu wanji.

Yambani ndi maginito

Foloko ya mashoko ili ndi zigawo zinayi zofunika kuziyang'ana. Pali mapaipi onyezimira aja. Pali miyendo ya pansi, yopakidwa penti, yomwe imagwira gudumu ndi buleki. Pali phewa lomwe mapaipi awiriwo amakumanapo pamwamba. Kenaka pali paipi yobisika yomwe imalowa m'khosi mwa fulemu kukagwira mahandulo. Zigawozi kawirikawiri sizikhala za chitsulo chimodzi, ndipo chilichonse chimawonongeka mwanjira yake.

Tsukani foloko yonse ndi madzi ndi sopo pang'ono, muipukute iume, ndipo mugunditse maginito pa mapaipi onyezimirawo. Maginito a m'sipika yakutha akwanira. Akamata, mapaipiwo ndi achitsulo chenicheni chokutidwa ndi chrome. Umu ndi mmene alili mafoloko ambiri otsika mtengo omwe timawaona pa njinga za kaunjika, monga SR Suntour XCT ndi XCM kapena RockShox Recon Silver. Dzimbiri lake ndi lofiira lodziwika lija: madzi amalowa pa kabowo ka chrome, chitsulo cha pansi n'kuyamba kudyeka, dzimbiri n'kutukula chrome m'mbali mwa kabowoko.

Maginito akakana, mapaipiwo ndi a aluminiyamu, ndipo amakhala ndi khungu lolimba koma lopyapyala kwambiri, lakuda, lotuwa kapena lagolide ngati lija lotchedwa Kashima pa mafoloko a Fox. Amenewa sachita dzimbiri lofiira. Mukaona chigamba choyera ngati siliva pa paipi yakuda, chotalika motsata kutalika kwa paipiyo, kumeneko ndi kuperepeseka: mchenga unalowa mkati n'kumakhula khungu lija mpaka kutha.

Miyendo ya pansi pa mafoloko ambiri a makampani odziwika ndi ya magnesium, chitsulo chopepuka zedi koma choopa mchere. Chikayamba kudyeka penti amatupa matuza, ndipo mukaboola thuzalo mumapeza ufa woyera kapena wotuwa. Zimayambira malo amene penti wasupuka ndi miyala, komanso pamene magnesium yakhudzana ndi chitsulo china pali chinyezi: pa mabawuti a buleki, ndi pamene ekiselo imakhala. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakumana pamadzi amchere, chimodzi chimadyeka m'malo mwa chinzake, ndipo chodyekacho nthawi zonse chimakhala magnesium.

Mwina mukufunsa kuti mchere ukuchokera kuti kuno kopanda nyanja yamchere. Njinga zambiri za kaunjika zimachokera kumayiko ozizira komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, choncho zimafika matendawa atayamba kale pansi pa penti. Thukuta lanu lomwe limadonthera pakhosi pa njinga lili ndi mchere. Feteleza naye amadya zitsulo, ndiye njinga yogonekedwa m'chipinda chimodzi ndi matumba a urea musadabwe nayo. Madzi a ku Chilwa nawo ali ndi kamchere, mosiyana ndi a nyanja ya Malawi. Onjezerani matope a dzinja ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje m'miyezi yozizira, foloko yosapukutidwa ilibe mwayi.

Onani ngati ili yoyenera kuivutikira

Gawo ili musalidumphe, chifukwa palibe phindu kunyezimiritsa paipi pa foloko yoti ithyoka.

Chotsani gudumu la kutsogolo. Ndi tochi, yang'anani mosamala malo amene ekiselo imakhala, timapiri tomangapo buleki, ndi uta uja wolumikiza miyendo iwiri pamwamba pa tayala. Palani matuza a penti ndi kapulasitiki kolimba kuti muone pansi pake. Ngati chitsulo chadyeka mpaka kukumbika m'malo atatu amenewa, ngati chikufumbutuka mukachikanda, kapena mwaona mng'alu ngakhale wochepa ngati tsitsi, folokoyo yatha ntchito. Yang'ananinso pamene mapaipi amalowa m'phewa. Mng'alu pamenepo, kapena dzimbiri lokumba mozungulira paipi, chigamulo chake n'chomwecho.

Kenaka masulani mahandulo, mutsitse foloko ituluke m'fulemu. Paipi yobisika ija anthu ambiri sanaionepo chigulireni njinga, pamene ndi kumene thukuta ndi madzi a mvula zimathera. Dzimbiri lopyapyala pa paipi yachitsulo limachoka ndi sandipepa, mupake girisi. Koma ngati yakumbika m'munsi, pafupi ndi phewa, musakambirane nayo. Paipi imeneyi ikaduka, mahandulo amakutsalirani m'manja gudumu likupita kwina.

Ndipo musalole kuti wina akuwotcherereni mng'alu pa miyendo ya magnesium. Owotcherera athu a m'mbali mwa msewu ndi aluso pa fulemu yachitsulo, koma magnesium ndi nkhani ina: fumbi ndi tizidutswa take zimayaka moto woyera waukali umene madzi sazimitsa, ndipo ngakhale ziwotchereke, mphamvu ya mwendowo simungaidalirenso.

Foloko ikapambana mayeso amenewa, pimani malo amene dzimbiri lili pa mapaipi. Mangani kachingwe kapena kalamba ka pulasitiki mozungulira paipi, mukatsitse kakhudze labala, ndipo mupondereze foloko ndi thupi lonse. Pamene kachingweko katsalira ndiye malire a gawo lomwe limalowa mkati. Dzimbiri la pamwamba pa malirewo ndi longonyansitsa maso. La m'munsi mwake ndilo limadutsa pa malabala ulendo uliwonse, n'kumawacheka pang'onopang'ono.

Kuchotsa dzimbiri pa mapaipi a chrome

Kulungani kansalu m'munsi mwa paipi, pamwamba pa labala, kuti zinyalala zisagwere mkati. Ng'ambani kachidutswa ka foyilo yokutira chakudya ija, mukafinye, mukaviike m'madzi ndi kukhula nako pamene pali dzimbiri. Foyilo ndi yofewa kuposa chrome, choncho imachotsa dzimbiri osakanda paipi. Mudzaona timadzi takuda tikutuluka; pukutani, muviikenso, mupitirize mpaka kufiira kutatha. Ngati mungapeze sitiliwulu wosalala kwambiri wa nambala 0000, nayenso amagwira ntchito atadonthezedwa oyilo. Wa mapoto uja ndi waukali, amasiya mizere.

Mukatha, pukutani ndi spiriti, ndipo muyendetse chikhadabo pamalopo. Chikadutsa osakodwa, mwamaliza: pakani oyilo pang'ono, mupukute. Chikakodwa, ndiye kuti dzimbiri lasiya timaenje, ndipo m'mphepete mwa timaenjeto chrome yatukuka n'kukhala yakuthwa. Ntchito yeniyeni yayambira apa.

Choyamba gwetsani m'mphepete mwakuthwamo. Dulani kachidutswa ka sandipepa wa m'madzi wa nambala 1000 kapena 1200, kochepa ngati chala, mukanyowetse ndi kukhula pa kadzenje pokhapo. Matani tepi mozungulira kuti musakhudze chrome yabwino. Simukufuna kufafaniza dzenjelo, chifukwa kutero n'kuchepetsa paipi. Mukungochotsa zotukuka. Ndi nsonga ya singano, tokosani m'kadzenjemo kuti dzimbiri lotsalira lituluke, popeza mukalitsekera mkati lipitiriza kudya mobisa. Tsukaninso ndi spiriti, kawiri, mpaka pasakhale mafuta ngakhale pang'ono, ndipo mudikire paume.

Tsopano tsekani dzenjelo. Chabwino ndi epoxy, guluu wolimba wosakaniza kuchokera m'machubu awiri, monga Pratley Steel yomwe imapezeka m'mahadiweya ambiri. Tengani kadontho ndi kamtengo ka machesi, mukanikizire m'dzenje kuti musatsale mpweya, ndipo kadonthoko katumphuke pang'ono pamwamba pa paipi. Siyani usiku wonse ngakhale pa paketi palembedwe kuti imauma msanga; kuuma kwa pamwamba ndi kulimba mpaka mkati ndi zinthu ziwiri. M'mawa mwake palani chotumphukacho ndi lezala mopepuka, kenaka sandipepa wonyowa wa 1200, n'kumalizira ndi wa 2000. Kulungani sandipepayo pa kathabwa kosalala kuti asakumbe. Muzisiya pafupipafupi n'kuyesa ndi chikhadabo, maso mutatseka. Chala chisadziwe pamene epoxy yayambira ndi pamene yathera.

Timaenje tating'ono kwambiri ena amatseka ndi utoto wa m'zikhadabo, uja wa cutex. Zimatheka, koma sukhalitsa, ndiye muziyang'anapo kawirikawiri. Pa mapaipi a aluminiyamu njira yotsekera zokandika ndi yomweyi, kungoti foyilo ndi sitiliwulu musaziyandikitse n'komwe, ndipo sandipepa akhudze pokandikapo basi. Khungu lija likachoka silibwerera.

Kunena zoona, njirayi ndi ya timaenje towerengeka. Ngati gawo lolowa mkati ladzaza timaenje mbali zonse, kapena chrome ikusupuka zigambazigamba, mungotaya epoxy ndi nthawi. Pa mafoloko a masiku ano mapaipi amakanikizidwa m'phewa ku fakitale ndipo sachotsedwa paokha. Amasinthidwa pamodzi ndi phewa ndi paipi ya m'khosi, ndipo pa foloko yotchipa mtengo wake umafanana ndi kugula ina.

Miyendo ya magnesium

Ngati matuza ali malo osaopsa, monga pakati pa mwendo, palani penti yense wotupa mpaka mufike pamene wagwira zolimba. Nthawi zambiri chigambacho chimakula kuposa mmene chimaonekera, musadabwe. Khulani ndi dzanja, sandipepa wa 240 kenaka 400, mpaka ufa woyera wonse utachoka ndipo chitsulo chikuwala. Makina opalira asagwire ntchito pano, ndipo fumbilo mulipukute ndi kulitaya kutali ndi mbaula.

Pali zinthu zitatu zomwe zimathandiza pa chitsulo wamba koma pa magnesium zimawononga. Viniga ndi mandimu, zomwe ambiri amachotsera dzimbiri, zimasungunula magnesium. Mankhwala a m'botolo osandutsa dzimbiri anapangidwira dzimbiri lofiira, osati ufa woyerawu. Ndipo sitiliwulu kapena bulashi ya waya zimasiya tizitsulo tobaya m'mwendomo, tomwe timayambitsanso kudyeka komwe mukulimbana nako.

Mukapala, pukutani ndi spiriti ndi kupaka pulayimala, penti woyambira uja, tsiku lomwelo, chifukwa magnesium yosavala siichedwa kudanso. Funsani pulayimala wa epoxy kapena wolembedwa kuti ndi wa zitsulo monga aluminiyamu, osati wofiira uja wa mageti ndi mawindo. Akauma pakani penti mopyapyala kawiri kapena katatu. Matani tepi pa malabala, m'mabowo a mabawuti, ndi pankhope pamene buleki imakhala, kuti penti asasokoneze kukhazikika kwake. Pobwezera mabawuti a buleki, tsatirani zimene opanga bulekiyo analemba; ambiri amabwera atapakidwa kale mankhwala abuluu oletsa kumasuka, omwe amathandizanso kutchinga madzi. Ngati ekiselo yanu ndi yolowetsa m'mabowo a miyendo, ipakeni girisi pang'ono.

Tsegulani muone mkati

Foloko yomwe yachita dzimbiri kunja nthawi zambiri yamwanso madzi mkati. Zizindikiro zake ndi kulira kwichikwichi, kulowa monyinyirika, kapena kuumiratu. Pa mafoloko otchipa a sipuling'i, si zachilendo kutsegula n'kukhutula madzi ofiira.

Ikani njinga poti isagwe, gudumu ndi buleki zitachotsedwa. Ngati foloko ndi ya mpweya, lembani kaye kuchuluka kwa mpweya womwe ulimo, ndipo muuphwetse wonse. Izi si zochitira mphwayi: foloko yotsegulidwa mpweya ulimo imaponya zitsulo. Ngati ndi ya sipuling'i, bwezani kachitsekerero kolimbitsira sipuling'i mpaka kumapeto kofewa. Pansi pa mwendo uliwonse pali bawuti kapena nati. Pa mafoloko ena muyenera kuzula kaye kachitsulo kosinthira liwiro limene foloko imabwerera nalo ikaponderezedwa. Masulani mabawutiwo pang'ono osawachotsa, muwagogode ndi nyundo ya pulasitiki, kapena nyundo wamba mutatsamiza kathabwa, mpaka ndodo za mkati zitamasuka. Ikani beseni pansi, chotsani mabawuti, ndipo mukoke miyendo itsike.

Tsukani mkati mwa miyendo ndi kansalu kokulunga pa kamtengo. Yang'anani gawo la mapaipi lomwe limabisika, ndipo ngati lili ndi dzimbiri lichiteni monga tafotokozera. Sipuling'i yadzimbiri ikwecheni, muipake girisi wambiri. Malabala otchinga fumbi akakhala ong'aluka, ouma kapena ochekeka, asintheni, apo ayi madzi abwereranso mvula yoyamba. Pansi pa malabalawo, mafoloko a oyilo amakhala ndi timasiponji tozungulira. Titsukeni kapena kutisintha, ndipo mutinyike mu oyilo wa foloko musanatibwezere. Mbali imene ili ndi chida choletsa kudumphadumpha musaitsegule ngati mulibe zida zake ndi buku lake.

Pa za mafuta, mafoloko amasiyana. Otchipa a SR Suntour amayendera girisi yekha. A RockShox ndi Fox amafuna oyilo woyezedwa m'mwendo uliwonse, ndipo mtundu ndi mlingo wake zimasiyana malinga ndi foloko ndi chaka chake. Makampaniwa anaika mabuku awo pa intaneti kwaulere. Pezani dzina ndi nambala ya foloko yanu, nthawi zambiri kuseri kwa phewa kapena pa mwendo, muwerenge mlingo woyenera komanso kalimbitsidwe ka mabawuti. Girisi akhale wofewa wopangidwira mashoko, monga Slickoleum kapena SRAM Butter. Girisi wolimba wa mabering'i a galimoto amaumitsa foloko, ndipo oyilo wakuda wotsala mu injini, amene okonza njinga ena amathira paliponse, asafike pa malabala.

Pobwezera, lowetsani miyendo mosamala kuti milomo ya malabala isapindikire mkati, thirani oyilo kudzera m'mabowo a pansi ngati foloko yanu imafuna, ikani mawasha atsopano pa mabawuti, mumange. Popani mpweya ndi pampu ya mashoko, osati ya matayala. Mukabwezera gudumu ndi buleki, gwirani buleki ya kutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo, chala chili pamene paipi imalowa m'mwendo. Kugwedera kwakukulu pamenepo kukutanthauza kuti mabushi a mkati, momwe paipi imatsetserekamo, adyeka. Onetsetsani kuti kugwederako sikukuchokera m'khosi mwa fulemu, chifukwa kumeneko n'kongolimbitsa.

Kuti lisabwerere

Chida chachikulu ndi kansalu kouma. Mukafika kunyumba pukutani mapaipi ndi m'mphepete mwa malabala matope asanaume. Nthawi ndi nthawi donthezani oyilo wa foloko pa mapaipi, mupondereze kangapo, mupukute litsiro lomwe latuluka, ndipo musasiye oyilo wambiri woti fumbi la mu Okutobala limatepo. Q20 ndi WD-40 ndi zabwino pomasula bawuti yadzimbiri, koma pa malabala zimatsuka girisi wa mkati. Kumalo otsukira magalimoto, musalole mnyamata wa paipi yamphamvu ija kuloza madzi pa foloko; amawakankhira mkati kudutsa malabala.

Mafoloko ena akale ali ndi timatumba ta labala topindikapindika tovala pa mapaipi. Timatchinga miyala, koma tikang'ambika timasunga madzi, dzimbiri n'kumakula mosaoneka. Muzitikweza n'kupukuta pansi pake. Njinga igone m'nyumba kapena pakhonde posafika mvula. Kuifunditsa pulasitiki ili yonyowa n'kupatsa dzimbiri chofunda.

RockShox imalangiza kutsegula ndi kutsuka miyendo ya pansi pakatha maola 50 okwera, ndi kukonza foloko yonse pa maola 100 kapena 200, malinga ndi mtundu wa foloko ndi chaka chake. Fox imati maola 125 kapena kamodzi pachaka. Kwa munthu wokwera tsiku ndi tsiku m'misewu yathu ya fumbi, maola 50 sachedwa kukwana. Ngati simungathe kutsatira ndendende, tsegulani kawiri pachaka: mvula isanayambe mu Novembala, ndiponso ikangotha.

Ikakhala yosachiritsika

Musaumirire kufuna ina ya mashoko ngati ndalama ndi zochepa. Foloko ya mashoko yotchipa yomwe yauma ndi dzimbiri ndi katundu wolemera wopanda ntchito, ndipo kwa munthu woyenda m'tauni, wopita kumunda kapena wonyamula katundu, foloko wamba yachitsulo yopanda mashoko ndi yopepuka, yolimba, ndipo sifuna oyilo. Mashoko enieni asiyireni amene akukatsika njira za miyala ku Nyika kapena ku Mulanje, ndipo iwowo agule yabwino imene zipangizo zake zimapezeka.

Iliyonse imene mugule, pitani ndi yakaleyo kumsika mukayerekeze. Gudumu likhale la saizi yomweyo, kaya 26, 27.5 kapena 29. Paipi ya m'khosi ifanane: ina ndi yowongoka ya mainchesi 1 1/8, ina ndi yotambasuka m'munsi kufika 1.5, ndipo isakhale yaifupi kuposa yakaleyo chifukwa yodulidwa siitalikitsidwa. Onani ngati ekiselo yanu ndi yopyapyala ya 9 mm kapena yolowetsa ya 15 mm, ndiponso ngati pali pomangira buleki ya mtundu wanu. Yezani kutalika kuchokera pa ekiselo kufika paphewa. Foloko wamba ikafupika kwambiri kuposa ya mashoko yomwe mwachotsa, kutsogolo kwa njinga kumagwa ndipo kukhota kumakhala kwaphuma. Ikakhala ya kaunjika, tengani maginito ndi tochi, mukweze timatumba ta labala ngati tilipo, muyendetse chikhadabo pa mapaipi onse awiri, ndipo penti watsopano pa miyendo yokha mumufunse wogulitsayo chifukwa chake.